Masamba Awiri Okha pa Saka

Aulutsi ndi omvera anzanga, ndine bambo wachikulire wa ku Kapelula. Kulemba ndinaphunzirira kusukulu ya kwacha, choncho mundipirire.

Mwana wanga wamwamuna amadwala matenda a maganizo. Atayamba kumwa mankhwala a kuchipatala, mawu amene ankamva m'mutu anasiya. Koma posankha fodya m'chigafa ankasakaniza masamba ofiira ndi akuda, maso akungoyendayenda pamulu ponse. Mtima unandipweteka, poganiza kuti maso akewo anawonongeka ndi utsi umene ndinkamufukiza kale kwa asing'anga.

Ndinakafunsa adokotala. Iwo anati, "Bambo, maso alibe vuto. Matendawa amachititsa kuti zinthu zikachuluka pamaso, maganizo azilephera kugwira chimodzi. Muzimupatsa pang'onopang'ono."

M'mawa mwake ndinayala saka, mulu ndinauika kumbuyo kwa mwanayo, n'kumamupatsa masamba awiri okha. Anasankha bwinobwino mpaka masana.

Kenaka anandibwezera tsamba limene ine ndinati lapsa.

"Ababa, ili n'lobiriwira. Kapena wofunika magalasi ndinu?"

Ndinaseka mpaka misozi. Anzanga, wanu akamasokoneza ntchito musamukalipire. Mubisireni muluwo.