Maphunziro teni a Tiyamike

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni m'dzina la Ambuye. Ambiri mumangondidziwa ngati mayi uja wa pa benchi yakumbuyo, wa mwana kumsana. Kutsogolo kuno sindinaimepo. Mundipirire. Ndikufuna kuchitira umboni.

Linali Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Juni chaka chatha, 10 koloko m'mawa. Ndinali kugulitsa zitumbuwa poimira maminibasi kuno ku Kwacha, foni n'kulira. Anali aphunzitsi. Akuti, "Bana Tiyamike, bwerani kusukulu, mwana wanu wagwa m'kalasi."

Tiyamike ndi mwana wanga woyamba. Ndinamubereka ndili wamng'ono, sukulu ndinalekera Giledi 6. Iye mutu ali nawo. Atakhoza Giledi 9 anamuika m'kalasi ya sayansi, yovuta ija. Fizikisi payokha, Kemisitiri payokha, Bayoloje payokha, masamu mitundu iwiri. Pamodzi ndi ena, onse anali maphunziro eyiti. Mwanayo amafuna udokotala.

Bambo ake amagwira ntchito pansi, mumgodi. Inu amuna a kumgodi mukudziwa, wogwira ovataimu ndiye amene mwezi umamukomera. Ndiye iwo anati sukulu ndi chimodzimodzi. Anamuuza kuti, "Anzako akulemba eyiti, iwe ulembe teni. A ku yunivesite akaona teni, adzayamba kutenga iwe." Anamupezera mphunzitsi wa masana, womuphunzitsa maphunziro ena awiri akaweruka. Sikunali nkhanza, abale. Kunali kumukonda. Nsapato zawo zinang'ambika, osagula zina, kuti mwana aphunzire.

Koma ine ndinaona mwana akuuma. Ankadya buku lili pamwendo. Kwaya anasiya, amayi a kwaya mukukumbukira kuti munandifunsa. Tsiku lina ndinamupeza akuwodzera manja ali m'beseni la zovala. Ndinati, "Mwanangu, sizikukulemera?" Iye anati, "Amama, musawauze adadi." Sindinawauze. Ndinkati ine wa Giledi 6 ndingalankhule chiyani pa nkhani ya yunivesite? Ndinkangolira ndikamakazinga, n'kumanamizira utsi.

Tsiku lija kusukulu ndinamupeza atagona pa benchi, atamufunditsa chitenje, milomo ili gwa. Aphunzitsi ake, mayi wachibemba, anandilowetsa mu ofesi. Ndinachita manyazi, ndinali kununkha mafuta. Anayamba Chingerezi, atandiyang'ana kumaso anasinthira ku Chibemba, n'kumalankhula pang'onopang'ono.

Anati, "Mayo, ku yunivesite sawerenga kuchuluka kwa maphunziro. Amayang'ana ochepa amene mwana wakhoza bwino koposa. Wofuna udokotala amamuyang'ana sayansi, masamu ndi Chingerezi. Kalasi yovutayi ikumuthandiza, asachokemo. Koma awiri owonjezerawa akudya nthawi ya enawo. Kemisitiri yagwa kale, Fizikisi ikutsatira. Akapitiriza chonchi adzalembadi teni, koma khomo limene akufuna lidzatsekeka. Tisanatumize mayina a mayeso a Giledi 12, mukagwirizane kunyumba."

Ndinati, "Bwanji osawauza nokha bambo ake? Inu angakumvereni."

Anati, "Ndinawaitana, anati ali pa shifiti. Mayi ake ndinu."

Abale, mawu amenewo anandilemera kuposa Tiyamike amene ndinamunyamula mpaka pa minibasi. Chikwatiwire sindinawatsutsepo amuna anga. Amayi anzanga mukudziwa mmene anatilangizira. Mu minibasi monse ndinkangoti, Ambuye, ndipatseni pakamwa. Ndipatseni pakamwa, Ambuye, ine ndilibe.

Madzulo ake bambo anali kumanga zingwe za jombo, akupita ku shifiti ya usiku. Ndinawaikira chakudya m'kachitini kawo, ndinagwada. Ndinati, "Bambo a Tiyamike, ndili ndi mawu." Ndinawauza zonse za aphunzitsi, mwina zina ndinasokoneza.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Za yunivesite wayamba liti kuzidziwa iwe?"

Zinandilasa, sindinama. Koma pakamwa panatseguka. Ndinati, "Yunivesite sindiidziwa. Ndidziwa mwana wanga, lero ndamunyamula ngati khanda. Munandiuza nokha kuti pansi paja, munthu wogwira shifiti ziwiri motsatizana ndiye amene mwala umamupeza, chifukwa maso atopa. Mwana wanuyu ali pa shifiti ziwiri chaka chonse."

Anaimirira. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Chakudya anachisiya patebulo pomwepo. Tiyamike anali atamva zonse kuseri kwa katani. Anati, "Amama, mwawakhumudwitsa chifukwa cha ine." Ndinkaopa kuti ndaphwanya nyumba, ndinkaopanso kuti munthu wapita pansi ndi njala ndi mtima wowawa.

Ndisakunamizeni, Tiyamike mayeso sanalembe, alemba chaka chino. Ngati a ku yunivesite adzamutenge sindikudziwa, mantha akadalipo. Koma tamuonani uyo mu kwaya, masaya abwerera, Kemisitiri inadzuka. Ndipo zinayambira m'mawa wotsatira usiku uja.

Bambo anafika dzuwa litangotuluka, maso ali ofiira. Anaima pa katani nthawi yaitali, kumuyang'ana mwana ali m'tulo. Ine ndinafuna kumudzutsa kuti akonzekere sukulu. Anandigwira mkono, anati, "Usamudzutse." Kenako anakhala pansi, n'kutsegula kachitini kaja, n'kuyamba kudya chakudya chozizira. Ali mkati modya anati, "Pita ukawauze aphunzitsi. Eyiti."

Ndinati, "Tipite tonse."

Anati, "Unayamba ndiwe, kamalize."

Tsiku limenelo sindinakazinge. Ndinasamba, ndinavala chitenje cha kutchalitchi, ndinabereka wamng'onoyu. Ndinakagogoda pa ofesi ndekha, ndipo aphunzitsi atatsegula ndinayamba kulankhula ndine.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa pakamwa. Mwanayu muzimupempherera, ndipo lero kondwerani nane, abale. Ameni.