Phewa limene ndinabisa

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo ndi achinyamata anzanga, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Yewo chomene pondilola kuima pano.

Choyamba ndipepese chifukwa cha pepala lili m'manja mwangali. Ine si munthu wolemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ku Ntchisi, ndipo sindinapite nayo patali. Koma ndikaima pamaso pa anthu ambiri mawu amandithawa, ndiye ndinati bola ndilembe kuti ndingowerenga. Pomwe ndalakwitsa mundikhululukire.

Ndikufuna kuchitira umboni. Dzina langa ndi Lameki. Ambiri mumangondidziwa kuti ndi mnyamata wamkulu thupi uja amaima kumbuyo kukwaya. Ndimakhala ku Chibavi, ndipo ntchito yanga ndi yonyamula simenti ndi njerwa kumene akumanga nyumba zogona ana a kuyunivesite.

Kuntchito komweko ndi kumene ndinakumana ndi a Nyirenda, owotcherera zitsulo, atabwera kudzaika mawindo. Anandiona ndikukwera ndi thumba la simenti, n'kunena kuti, "Iwe mnyamata, thupi lonseli ungolithera pa simenti? Loweruka ubwere ku Kaning'ina." Sindinafunse n'komwe kuti kuli chiyani. Wamkulu wanena, ndinapita.

Ndinakapeza kuti ndi ragibi. Amayi ena pano mwina simuidziwa. Ndi mpira uja wooneka ngati papaya, wothamanga nawo uli m'manja, ndipo amene waunyamula mumamugwetsa. Timu yathu palibe amene amalipidwa. M'timu yoyamba muli aphunzitsi awiri, wina wa kubanki, wometa tsitsi, anyamata a kabaza, ndipo kaputeni ndi wogulitsa matabwa. Bwalo timabwereka la sukulu. Ngakhale milongoti ya zigoli anaitalikitsa ndi a Nyirenda omwewo, kuwotcherera mapaipi pamwamba pa zigoli za mpira wamiyendo.

Masiku oyamba ndinkati ndikagwetsa munthu wamkulu, ndimaima, n'kumudzutsa, n'kumupukuta matope. Mpira wapita kale, ine ndili, "Pepani, achimwene." Mpaka anandipatsa dzina loti Pepani. Kaputeni ankakuwa kuti, "Pepani! Upepese tikamaliza, thamanga!" Musaseke kwambiri abale, ndinali ndisanazolowere. Koma anthu amenewa anandikonda. Ine ndinabwera mumzinda muno wopanda m'bale, ndipo kupatula mpingo uno, abale anga anali iwowo.

Tsopano pali chinthu chimodzi ndiyenera kufotokoza kuti mumvetse tchimo langa. Mu ragibi muli chimene timati sikilamu. Anthu asanu ndi atatu mbali ino, asanu ndi atatu mbali inayo, amagwirana, kuwerama, n'kuyamba kukankhana. Kutsogolo kumakhala anthu atatu. Wapakati amakoleka manja ake onse awiri pamapewa a anzake awiri aja. Mumve bwino pamenepa: manja onse awiri. Alibe dzanja lodzitchinjiriza nalo. Mnzake wa pambali akafooka, iye amagwa ndi mutu, ndipo anthu onse aja amamugwera. Wapakatiyo anali a Nyirenda. Wa kudzanja lawo lamanja ndinali ine.

Chaka chino tinayamba moipa, koma pofika m'nyengo yozizira, kamvula kaja kakuwaza tsiku ndi tsiku, tinayamba kupambana. Anthu anayamba kubwera kudzaonera. Ine anandikweza kulowa m'timu yoyamba, n'kundipatsa jezi ya namba 3. Ndinaichapa isanade n'komwe.

Ndiye Lachitatu lina kuntchito ndinaterereka pathabwa lonyowa ndili ndi thumba la simenti. Thumba silinagwe, koma phewa lamanzere linalira. Madzulo ake sindinathe kukweza dzanja kuti ndivule malaya. Loweruka lake tinali ndi masewero ndi timu ya ana a kuyunivesite.

Loweruka lija a Kochi, otiphunzitsa masewerawa, anandiitanira pambali. Anati, "Lameki, mnzako wa namba 3 wapita kumaliro ku Rumphi. Watsala wekha. Uli makola?"

Abale, ine kwathu anatilera kuti wamkulu akakufunsa ngati ungathe, umati ndingathe. Mwana wodandaula ululu ankamuti waulesi. Ndiponso ndinkaopa kuti ndikakana andiona ngati wosayamika. Ndinayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Ndili bwino, a Kochi."

Ndinanama. Ndinkayesa ulemu, koma linali bodza.

Chigawo choyamba ndinapirira. Chigawo chachiwiri tinawerama, oimbira anapereka chizindikiro, anyamata aja anakankha, ndipo phewa langa linangoleka. Silinandichenjeze. Dzanja linachoka pamsana pa a Nyirenda, ine ndinapendekera, sikilamu yonse inagwa. Aliyense anadzuka. A Nyirenda sanadzuke. Anagona chafufumimba m'matope, n'kumati, "Musandigwire. Manja anga sindikuwamva."

Tinawagoneka pathabwa, n'kuwatengera kuchipatala pa galimoto ya kaputeni. Njira yonse anthu ankati, "Matope awa, matope." Ine za phewa langa sindinatchule.

Mulungu ndi wachifundo, khosi silinathyoke lonse. Patapita masiku manja anayamba kumva. Koma anagona chagada masabata atatu, kenako anatuluka atavala kolala yolimba m'khosi, osatha kutembenuka, osatha kugwira chitsulo. Munthu wa ana anayi, amene amadya za manja ake.

Ine ndinkapita kukawaona tsiku lililonse ndikaweruka. Ndinkawadzutsa, kuwasambitsa, kutungira madzi akazi awo, a NyaMhango. Iwo ankauza aliyense wobwera kuti, "Mwana uyu ndi wabwino chomene, kuposa achibale." Mawu amenewo ankandiwotcha. Amayi a kwaya mukukumbukira nthawi ija ndinasiya kuimba, ndinkangotsegula pakamwa. Munandifunsa ndinati ndi chimfine. Limenelonso linali bodza, pepani. Ndinkapemphera kuti, "Ambuye, achiritseni," koma sindinkapemphera kuti, "Ambuye, ndithandizeni kunena." Ndinkafuna achire, nkhani ithe, ine ndikhalebe mwana wabwino. Ndipo ndinkaseweranso, phewa ndikulimanga ndi nsalu mkati mwa jezi.

Koma Mulungu sanandisiye m'bodza langa. Anzanga anayamba kunena kuti sanali matope ayi. Ankati mnyamata wa kuyunivesite amene anayang'anizana nane ndi amene anakokera sikilamu pansi dala. Wometa uja anati anaona ndi maso ake. Masewero obwereza ndi timu yomweyo anali atayandikira, ndipo kaputeni anati, "Kamnyamata kameneko tikakaphunzitsa. Nakonso kakalawe chipatala." Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Pepani, ulendo uno usakapepese."

Mwana wa eni, abale. Sindimudziwa ngakhale dzina. Makolo ake anamutuma kudzaphunzira, ndipo amuna akuluakulu akupangana zomupweteka chifukwa cha phewa langa. Pamenepo ndinagwada, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapemphera pemphero loona. Ndinati, "Ambuye, ndikanena anditaya onse. Koma nditsegulireni pakamwa."

Mawa lake masana ndinapita ku Lupaso, kunyumba kwa a Nyirenda. Ndinapeza a Nyirenda ali pakhonde, kolala ili m'khosi. Ndinagwada patsogolo pawo.

Anati, "Dzuka iwe. Sindingathe kuwerama kuti ndikuone."

Ndinadzuka, n'kunena zonse. Za thumba la simenti, za funso la a Kochi, za yankho langa. Mawu ankatuluka moduka, koma anatuluka.

Anati, "Kweza dzanja."

Ndinakweza. Linafika polekeza phewa basi.

A NyaMhango anali ataima pakhomo. Anati, "Ndiye masabata onsewa umalowa m'nyumba muno, kudya nafe, ukudziwa?"

Kenako a Nyirenda anati, "Lameki, ine ndinakupatsa manja anga onse awiri. Ukanangonena kuti phewa likupweteka, tikanaluza masewero amodzi basi. Ulemu wakowo wandigoneka chagada." Anapitiriza kuti, "Pita. Lero sindikufuna kukuona. Koma mawa ukawauze wekha anyamata aja, asakapweteke mwana wosalakwa."

Mawa lake pokonzekera masewero ndinapempha kulankhula. Anthu anayamba kuseka, chifukwa sanandimvepo ndikulankhula pagulu. Nditamaliza panalibe woseka. Kaputeni ananena mawu amene sindingawabwereze m'tchalitchi muno. Wometa uja anati, "Avule jezi, azipita." Ena anavomereza. Ine ndinayamba kuivula, koma ndi phewa lija inakanirira pamutu, ndinangoima choncho nkhope ili m'jezi, ndikulira.

Ndinamva mawu a a Kochi akuti, "Musiyeni. Inenso ndili ndi mlandu. Ndinamuuza kaye kuti watsala yekha, kenako n'kumufunsa ngati ali makola. Mwana ngati uyu akanayankha chiyani? Limene lija silinali funso."

Kenako mmodzi wa anyamata a kabaza anati, "Inetu bondo langa latha mwezi likutupa." Wa kubanki anati iye dzanja. A Kochi anatiimika pamzere tonse, n'kuyamba kutikweza manja, kutipinda mawondo, kutikanikiza m'mapewa mmodzimmodzi. Tsiku limenelo anthu atatu tinauzidwa kuti tisapondenso m'bwalo mpaka titabweretsa kalata ya dokotala. Kuyambira pamenepo a Kochi safunsanso munthu ngati ali bwino. Amamugwira okha.

Kaputeni, ngakhale anali wokwiya nane, anapita kukapeza mnyamata wa kuyunivesite uja n'kumupepesa, chifukwa mphekesera inali itamufika kale ndipo ankaopa kusewera. Masewero obwereza aja tinaluza, poti kutsogolo kunalibe anthu. Ena otsatira tinaluzanso. Chikho chimene tinkachilota sitinachione. Koma palibe amene ananyamulidwanso pathabwa, ndipo mnyamata uja akuphunzira bwinobwino. Aleluya!

Jezi sanandilande, koma mtima wanga unali ku Lupaso. Mwezi wathunthu a Nyirenda sanandiitane, ndipo ine sindinayerekeze kupitako. Ndinkapita kuchipatala ndi phewa langa, kukweza dzanja kukhoma monga anandiuzira, n'kumadikira. Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa phewa. Ndinkangoti, "Ambuye, ngakhale asandikhululukire, manja awo okha abwerere."

Kenako tsiku lina kaputeni anandipeza kuntchito. Anati, "Adada Nyirenda akuti mawa uwaperekeze kuchipatala. Akukachotsa kolala."

Tinapita awiri. M'minibasi sanandilankhule. Adokotala anachotsa kolala, anawauza kuti atembenuke uku ndi uku, anawapatsa dzanja kuti afinye. Anafinya mpaka adokotala anati, "Basi, basi, mundithyola." Anawauza kuti ntchito yowotcherera ayambe pang'onopang'ono, koma ragibi asadzasewerenso. Ndinaona nkhope yawo. Munthu amene anayamba timuyi ndi manja ake.

Titatuluka tinakhala pabenchi panja. Anati, "Ndinakwiya chomene, Lameki. Ndipo usaganize kuti zonse zatha, kamkwiyo kena kakadalipo. Koma ndakukhululukira."

Ndinafuna kugwada, anandigwira mkono.

Anati, "Tamvera. Chaka chamawa pakati paja palowa mnyamata wina, ndipo womuphunzitsa ndine. Ndawauza a Kochi kuti kudzanja lake lamanja ndikufuna iweyo."

Ndinati, "Ine? Nditachita zimene zija?"

Anati, "Iwe ndi amene ukudziwa tsopano kulemera kwa khosi la munthu. Enawo amangomva."

Abale, sindinayenere zimenezi. Ndinabisa, Mulungu anandiulula mwachifundo. Ndinkaopa kutayidwa, sanandilole kutayika. A Nyirenda ayambanso ntchito, sabata yatha awotcherera geti lathunthu. A NyaMhango sanayambe kuseka nane, koma moni akuyankha, ndipo ndikupempha kuti muzitikumbukira m'mapemphero. Phewa langa, taonani, likufika mmwamba.

Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza Abusa, ndikuthokoza amayi a kwaya amene simunatope kundifunsa, ndikuthokoza anzanga a m'timu, ena mwa iwo abwera nane lero, ali kumbuyo uko akubisala. Achinyamata anzanga ochokera kumudzi ngati ine, ulemu ndi wabwino, koma chikakupwetekani nenani. Pali wina amene wakoleka manja ake pa inu.

Ndiye imani nane, abale. Amayi, nthungululu zimveke, abambo ombani m'manja, sangalalani nane, pakuti Ambuye wandichitira zazikulu. Katundu amene ndinamusenza nyengo yonse yozizira ndinamutula pabenchi lija panja pa chipatala, Lachinayi lomaliza la mwezi wa Seputembala, chaka chomwe chino. Amen.