Mwana Wanga Ankasiya Kupuma Akamalota

Abale ndi alongo, landirani moni wanga nonse m'dzina la Ambuye. Mundikhululukire ndikamathamanga. Kuima pamaso pa anthu sindinazolowere, moti zimenezi ndachita kulemba papepala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndine mayi a Mada, ndimathyola tiyi, ndimakhala kumalaini a kumunsi kwa fakitale. Ana ndili nawo awiri, Madalitso wa zaka zisanu ndi Alinafe, uyu ali kumbuyoyu.

Chimene chinayamba kundiopsa si phokoso ayi. Kunali kuti zii.

Mada anayamba kuliza mkonono ali ndi zaka zitatu. Ife tinkangoseka. Bambo ake nawo amaliza ngati thirakitala ya masamba ikukwera chitunda, ndiye anthu ankati mwana uyu palibe angamukane. Analinso wonenepa, masaya ali phwii. Ine ndinkanyada kuti ndikudyetsa bwino.

Inu mukudziwa mmene timadzukira ife othyola. Kukadali mdima uli kale panja, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, kuti akapitawo akamaitana maina ukhale uli pamzere. Bambo a Mada nawo amalawirira kufakitale. Ndiye Alinafe ndinkamupereka m'manja mwa mayi a Chifundo, oyandikana nawo khomo, Mada ndinkamusiya ali m'tulo, iwowo n'kumamusuzumira mpaka kutacha. Tulo ta mwana wanga ta m'bandakucha ndinali ndisanationepo.

Tsiku lina m'nyengo ya chiperoni malungo anandigwira, sindinapite. Ndili gone, kunja kukuyamba kuyera, Mada ali chagada pambali panga, mkonono uli mkati. Kenako zii. Ndinadzutsa mutu. Chifuwa chikukoka, mimba ikukoka, mpweya osalowa. Maso otseka, koma kunsi kwa zikope akuyendayenda, uku ndi uku, ngati pali zimene akuonera. Ndinayamba kuwerenga mumtima. Ndinafika pa khumi ndi zisanu. Basi anadzidzimuka, kukoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kugonanso. Posakhalitsa zomwezo. Posakhalitsa zomwezonso. Abale anga, malungo aja ndinawaiwala.

Atadzuka ndinamufunsa chimene amalota. Anati amakhala ali pansi pa damu la esiteti, wina atamugwira pakhosi.

Tsiku lomwelo ndinamutengera kukachipatala ka pafupi. Koma masana Mada anali mwana wabwinobwino, akuthamangitsa nkhuku pakhomo pachipatalapo. Anamumvetsera m'chifuwa, anatipatsa mankhwala a chifuwa, tinabwerera. Sindikuwanena. Masana panalibe choti munthu aone.

Nkhani inafika kwa apongozi anga ku Khonjeni, ndipo anabwera pa kabaza ndi kajumbo m'manja. Amayiwa mdzukulu wawo amamukonda, zimenezo mudziwe. Anamvetsera zonse, kuti mwana wayambiranso kukodza pogona, kuti masana amangosinza ndi kulusa, kuti amalota za madzi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti mwanayu afiti akumutenga m'tulo, n'chifukwa chake amadzuka atatopa. Kenako anandifunsa funso limodzi lokha.

"Kodi m'bandakucha inu mukachoka amatsala ndi ndani?"

Ndinayankha kuti ndi mayi a Chifundo. Ndikuyankha, mtima wanga unagwa.

Ndiulule pano pamaso panu. Ndinasiya kuwapatsa moni mayi a Chifundo. Munthu amene anandisambitsa nditabereka Alinafe! Kumjigo ndinkayang'ana kumbali. Akabwera m'mawa kudzalandira mwana, ndinkati zikomo, agogo ake alipo, chitseko n'kutseka. Ankangoima pang'ono n'kubwerera.

M'kajumbo muja munali mizu ndi masamba ofukizira. Madzulo timaika pambaula, m'bandakucha kuikanso, chifukwa amati ndiyo nthawi imene amabwera. Zenera kutseka, kunsi kwa chitseko kutsekera sanza, mwana kumugoneka chagada kuti utsi ulowe bwino. Bambo a Mada anaona mwayi, anasiya kukasutira fodya wawo panja. Ankati utsi ndi utsi, wawonso uthandiza kuthamangitsa.

Tsiku loyamba mphuno za mwana zinatsekeka. Tsiku lachiwiri ankapumira kukamwa ngakhale masana. Tsiku lachitatu sindinapite kumunda wa tiyi, mtima unakana. Kunja kukuyera, maso aja anayamba kuyendayenda, mkonono unaduka. Ndinawerenga. Khumi. Khumi ndi zisanu. Makumi awiri. Milomo inayamba kuda ngati wadya jambula. Ndinamugwedeza, thupi lili lende. Pemphero lalitali ndinalibe. Ndinangokuwa dzina la Yesu, kukuwa kwenikweni, laini yonse inamva.

Chitseko chinakankhidwa. Analowa ndi mayi a Chifundo, chitenje chokha pachifuwa. Sanayang'ane munthu. Anakulunga manja ndi nsalu, ananyamula mbaula ija n'kukaiponya panja. Anatsegula zenera. Anagwada, anamutembenuza Mada kuti agonere m'mbali, anamukweza chibwano pang'ono. Mwana anakoka mpweya. Anakokanso. Analira. Alongo anga, kulira kokoma ngati kumeneko sindinakumvepo!

Atakhala pansi anandiyang'ana, mawu awo ali pansipansi.

"Mayi a Mada, khoma lathuli ndi limodzi. Miyezi yonseyi ndimamumva mwanayu akaduka, ndimabwera kudzamutembenuza. Ndinakuuzani kawiri, inu munaseka kuti watengera bambo ake. Ufiti wanga ndi umenewo."

Ndinakumbuka. Anandiuzadi, kamodzi kumjigo, kamodzi tikuchapa. Apongozi anangoti maso pansi, akupinda ndi kupindula kajumbo kaja.

Nzeru ya foni anabweretsa ndi mayi a Chifundo omwewo. Anati achipatala samuona chifukwa timapita naye ali maso, ndiye tiwatengere tulo take. Anandibwereka foni yawo, anandionetsa podina. M'bandakucha wotsatira ndinamujambula Mada ali m'tulo, Alinafe akukoka chitenje changa. Kutacha tinakwera minibasi kupita kuchipatala cha ku boma.

Adokotala anaonera kawiri. Kenako anamuuza Mada kuti ayasamule, anawalitsa tochi, n'kundiitana kuti ndidzaone ndekha. Kummero kunali timinofu tiwiri totupa, uku kamodzi uku kamodzi, ngati mazira a nkhunda, titatsala pang'ono kukhudzana. Njira ya mpweya inali kampata kakang'ono pakati.

Anandifotokozera mwapang'onopang'ono, ngati mmene munthu angauzire mchemwali wake. Anati munthu akamalota thupi lonse limalefuka, kuti asadzuke n'kumathamanga ndi malotowo. Pakhosi napo pamalefuka. Ngati njira ndi yopapatiza kale, imatsekeka. Ndipo maloto aatali amabwera kukamacha, nthawi yomwe ife tili panjira ndi madengu athu. Anatinso si kuti wina ankamugwira pakhosi m'maloto. Kubanikako ndi kumene kunkalowa m'maloto ake n'kusanduka damu.

Atatero anayamba mafunso. Kodi kunyumba alipo wina woliza mkonono kwambiri? Ndinati inde. Alipo wosuta m'nyumba? Inde. Mbaula mumagona nayo? Inde, kukazizira. Mwana amagona chagada? Inde. Mphuno zimatseka pafupipafupi? Inde. Pofika pa kunenepa, kumene ine ndinkanyadira, ndinangoseka ndi manyazi, iwonso anaseka. Anati chilichonse mwa zimenezi chimawonjezera vutoli, ndiye ife tinaziunjika zonse pa mwana mmodzi. Za mbaula anakweza mawu. Anati makala m'nyumba yotseka amapha ngakhale munthu wopanda vuto la pakhosi.

Anati si ana okha. Akuluakulu nawo zimawachitikira, makamaka onenepa ndi amene amamwa mowa asanagone. Ndipo mtundu uwu wobwera pamaloto umapezekanso mwa ife amayi, ena osaliza n'komwe mkonono waukulu, kumangodzuka mutu ukupweteka, tsiku lonse kutopa. Ndiye amayi anzanga, ukamasinza uli chiimire pakati pa tiyi, usamangoti ndi ntchito. Funsa amene umagona naye pafupi.

Anatilembera kalata ya kuchipatala chachikulu ku Blantyre kuti akachotse timinofu tija. Koma tsiku lake linali patali, ndiye anandiphunzitsa chochita podikira. Mutu wa Mada ukwezeke pang'ono, agonere m'mbali. Ndinadandaula kuti amadzitembenuza yekha. Anati ndisokerere kanthu kolimba kumsana kwa malaya ogonera. Ndinasokerera chitsononkho. Akati agone chagada, chitsononkho chimubaya, abwerera m'mbali osadzuka n'komwe. Za Alinafe anandichenjeza kuti khanda ndi losiyana, lizigona chagada mpaka litakula, koma utsi usalifike.

Tsiku la ku Blantyre linafika. Sindinadye. Ndinakhala pabenchi ndikuyimba chamumtima nyimbo imodzimodziyo mpaka anamwino anandiitana kuti mayi, bwerani, mwana wanu akufuna madzi. Mlungu wathunthu ankadya phala lozizira akudandaula kukhosi. Kenako anachira.

Tsopano mverani izi. M'mawa wina tili kunyumba ndinadzuka, m'nyumba muli zii. Mtima unalumpha. Ndinakwawa kukamuona. Maso akuyendayenda kunsi kwa zikope, mkonono kulibe. Ndinamugwira n'kumugwedeza ndi mphamvu zanga zonse. Anatsegula diso limodzi.

"Amayi, mwandidula. Ndimati ndiyambe kudya mandasi."

Abale, mwana ankapuma! Ankapuma mwakachetechete ngati ana a anthu ena, ine osadziwa kuti kupuma kwabwino kulibe phokoso. Ndinaseka mpaka misozi. Bambo ake anadzuka kufunsa ngati ndapenga. Tsiku limenelo ndinafika mochedwa pamzere, akapitawo anandikalipira, ine ndikungomwetulira ngati andiyamikira.

Lero Mada sakodza pogona. Sasinza masana. Wayamba sukulu ya mkaka, ndipo amalongolola moti nthawi zina ndimachita kumupempha kuti apume. Bambo ake nawonso anapita kukaonedwa pakhosi, anawauza za fodya ndi mowa wa madzulo. Akuyesetsa, muwapempherere. Fodya akamufuna amakasutira kuseri kunthochi, ndipo amayi awo akabwera kudzacheza, ndi iwo omwe amawathamangitsira kumeneko, ndi tsache m'manja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la dzina limodzi. Ndikuthokoza kuti anandiikira munthu kuseri kwa khoma, ine ndikumunyoza iye akumvetsera mwana wanga.

Mbaula m'nyumba mwanga sigonamo, ngakhale chiperoni chivute bwanji. Timafunda mabulangete, zenera timalisiya pang'ono. Alinafe ndimamumvetsera, ndipo akadzangoyamba mkonono sindidzaseka, ndidzamunyamula tsiku lomwelo. Kwa mayi a Chifundo ndinapita ndi apongozi, tinagwada pakhonde pawo anthu akuona. Anatidzutsa, anati tiwadetsera khonde ndi misozi, angokolopa kumene.

Loweruka lotsatira ndinapita kumsika ku boma, ndinadulitsa kiyi wachiwiri wa nyumba yanga. Ndinamumanga pachingwe n'kukawaveka mayi a Chifundo m'khosi. M'mawa uliwonse ndikanyamula dengu ndimagogoda khoma kawiri, iwo amagogoda kamodzi, ine ndimapita.

Ambuye alemekezeke, abale anga. Ine ndathera pamenepa. Ameni.