Pijo ya Agogo Idzanyamula Mkwatibwi

Pamzere wa basi ya ku Chelstone, pa siteshoni ya Kulima Tower, bambo wina ananyamula rediyeta yakale paphewa. Mayi amene anali kumbuyo kwake ndiye anayamba kulankhula.

"Ba tate, chitsulo chanuchi chindidetsera chitenje. Mukagulitsa ku sikirapu?"

"Sikirapu? Iyi ndi rediyeta ya Pijo 404, mayi. Ndachokera nayo kowotcherera."

"Zamakedzana zija? Zikuyendabe?"

"Yanga ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndimaikonza ndekha ndikaweruka kuntchito. Mwana wanga Tisa akukwatiwa mwezi wamawa. Ndinamulonjeza kuti adzapita kutchalitchi pa galimoto imeneyi, ya agogo ake."

"Injini inalira kale?"

"Ikanalira, koma mbewa zinadya mawaya."

"Kalankhulidwe aka ndi ka ku Chipata. Imwe akum'mawa mumadya mbewa, lero nazo zakubwezerani."

"Ndiye ndinu Mbemba, ambuya athu oseka nawo? Mkamwini wanganso ndi wakwanu, wa ku Kasama. Akuti tingobwereka galimoto yatsopano ku Kabulonga. Ndinakana."

"Nanga ikadzakana kulira tsikulo?"

"Tisa adzakwerabe momwemo. Ine ndidzagwira chiwongolero, abale anuwo adzavula majekete n'kukankha mpaka pakhomo la tchalitchi."