Nyumba Yovala M'kati

Mu Juni wa chaka chachitatu cha Chitaganya, a Bartholomew Kachingwe, wopaka mafuta njanji pa siteshoni ya Kafue, anaona nyumba ya mzungu wawo ikukhomedwa matabwa m'kati kuti isamazizire. M'mawa mwake analamula akazi awo, a Febby, kuti kanyumba kawo ka malata nakonso kavale m'kati, ndipo ataweruka madzulo anapeza chitseko sichikutseguka.

"Amake Nelly, chitsekochi chatani?"

"Ndakhoma," anayankha a Febby ali m'katimo.

"Mwakhoma chiyani?"

"Chitseko. Munati paliponse polowera mphepo nditseke."

"Ndimanena timabowo ta m'malata."

"Timenetoto ndamata ndi nyuzipepala zanu zija zotamanda Chitaganya. Zagwira bwino ndi phala. Koma bowo lalikulu linali chitseko. Ndinaima pomwepo, mphepo n'kundidutsa m'miyendo."

A Bartholomew anapisa manja m'khwapa. Mphepo yochokera kumtsinje inali kuwadula makutu.

"Chabwino. Ndiponyereni chijasi changa pa windo."

"Windo ndatseka ndi matiresi."

"Nanga chijasicho?"

"Chavala khoma la kum'mawa. Misomali isanu ndi umodzi."

"Chijasi cha kampani?"

"Munati chilichonse chokhuthala. Masaka anatha msanga. Mabulangeti ali kudenga, jekete lanu la kutchalitchi lili kuseri kwa bedi. Lija ndi lopyapyala, ndachita kulipinda."

"Ha. Mzungu anakhoma matabwa, amake Nelly, osati zovala zake."

"Mzungu anapatsidwa matabwa. Ife tinapatsidwa malata ndi inu."

Anthu a nyumba zoyandikana anayamba kutuluka, wina ngati akuanula zovala, wina ngati akusaka nkhuku. A Bartholomew, amene chikwatireni sanabwezepo mawu awo n'kuvomera kulakwa, anatsitsa mawu n'kuyandikiza pakamwa pa mng'alu wa chitseko.

"Tsegulani mwakachetechete."

"Ndiye kuti lamulo lija mwalisintha?"

"Sindinasinthe kanthu ine."

"Basi chikhale chotseka."

"Lamulolo ndi labwino. Mwalimva molakwika ndinu."

"Eya, ndi labwino zedi. Nelly sanatsokomoleko chiyambire masana. Wagona thukuta lili kamukamu."

A Bartholomew anatembenukira anthu aja, mano akugundana. "Mwamva? Nzeru zanga zimenezo. Mwana wasiya kutsokomola."

"Tamva," anatero mayi wina. "Nanga inu mugona pati?"

A Bartholomew anabwereranso pa chitseko.

"Amake Nelly, zulani misomali iwiri yokha. Ndilowa cham'mbali."

"Mphepo ilowa nanu."

"Ndilowa ndekha."

"Mwaima nayo panjapo nthawi yonseyi. Ikakutsatirani ndiikaniza bwanji?"

"Ndine mwini nyumba."

"M'mawa munati mwini nyumba akalamula, ngakhale mwini nyumbayo sangaphwanye."

Zoonadi, m'mawa muja a Bartholomew anatero, ataimika chala m'mwamba. Anakhala pa mtondo umene unali pakhonde, nayang'ana sitima ya katundu ikuwoloka mlatho pang'onopang'ono. Mphuno inayamba kuchucha. Anapukuta ndi dzanja la mafuta, nkhope yonse n'kuda.

"Amake Nelly," anatero potsiriza, mawu ali pansi kwambiri, "mwina ndinalakwitsa pang'ono."

"Sindikumva. Khomali ndi lokhuthala tsopano."

"Ndati ndinalakwitsa!"

Komboni yonse inamva. Chitseko chinatseguka nthawi yomweyo, mosavuta, popanda kuzula msomali ngakhale umodzi. A Febby anali atanyamula mpiringidzo m'manja, chijasi chija chili pa phewa, chopanda bowo lililonse la msomali.

"Lowani msanga, bambo a Nelly. Zaka zisanu ndi zinayi ndikudikira mawu amenewo, musazizidwe nawo panja."