Thanki Yotsala ya a Fanuel Longwe

Malemu a Fanuel Gresham Longwe, amene agona m'bokosi patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Juni 1971 kuno ku Tukombo, ali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la bambo Isaac Longwe ndi mayi Nyamanda. Ine amene banja landituma ndine Joel Kamanga, msuweni wawo. Ndilankhula m'Chichewa kuti apongozi athu a ku Ntcheu ndi anzawo a malonda a ku Lilongwe amve zonse. Ndiwerenganso mofulumira, abusa ndi mafumu mundikhululukire, chifukwa nthawi si ili mbali yathu.

Nonse mwaona kuti pamphasa, kumutu kwa bokosi, pali malo opanda munthu. Manong'onong'o ndawamva, akuti mkazi wa Chingoni alibe chisoni, wasiya mwamuna wake yekha. Mayi Edina sanathawe. Ali kuseri kwa nyumba iyi chiyambire m'mamawa, akutunga madzi ndi beseni m'thanki ya nsomba ndi kuwathiramonso kuchokera m'mwamba, kuti nsombazo zipeze mpweya. Akaleka, zifa. Chimene chawafikitsa pamenepo chili mu mbiri imeneyi, ndipo msuweni amaloledwa kunena zimene ena akuopa.

Malemu anayamba sukulu pa pulayimale ya kwathu konkuno mu 1978, ndipo mu 1987 anapita ku Chintheche kumene anafika Fomu 2. Bambo awo atamwalira mu 1989, anasiya mabuku nalowa m'bwato kukakoka chilimira, khoka la usipa, kuti ang'ono awo adye. Pa usodzi sanali katswiri, tisanamizane pamaliro. Anzawo ali kalikiliki ndi usipa, iwo maso amakhala pa miyala, kuyang'ana timbuna tabuluu ndi tachikasu, tinsomba timene mayi aliyense kuno amati ndi minga yokhayokha.

Mu 1994 analembedwa ntchito ndi kampani ina imene inkagwira mbunazi zamoyo ndi kuzitumiza kunja, kwa anthu amene amaweta nsomba m'nyumba ngati maluwa. Anaphunzira kumira pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya kumsana, ndipo anagwira ntchito ku Usisya, ku Likoma ndi ku Chizumulu. Kumeneko ndi kumene kunathera khutu lawo lakumanzere. Kuyambira pamenepo, wofuna kuti a Fanuel amumve ankayenera kuima kudzanja lawo lamanja, ndipo iwo, ochenjera, munthu wobwera ndi miseche ankamuika kumanzere.

Mu 1999 anakumana ndi mayi Edina Nagama, amene ankaphika pa loji ina ku Kande. Pofunsira, mnzathuyu sanatenge sopo kapena chitenje. Anatenga kansomba kamodzi kabuluu m'botolo la jamu. Mayiwo, pokhala mphiki, anafunsa kuti zinzake zili kuti, popeza kamodzi sikangakwane ndiwo. Koma kansombako sanakakazinge. Anakasunga pawindo la kukhitchini, ndipo pa 4 Ogasiti 2001 awiriwa anadalitsa ukwati wawo mu mpingo wa CCAP. Mtsikana amene anabwera kuno akuopa ngakhale kuviika phazi m'nyanja ndiye anadzakhala dzanja lamanja la ntchito yonse imene ndikuti ndinene.

Kampani ija inatsekedwa mu 2006. Anzawo anabwerera ku chilimira, ena anapita ku Joni. A Fanuel anakatenga chilolezo ku ofesi ya za nsomba, nagula simenti, namanga thanki kuseri kwa nyumba yawo yakale ya kumchenga. Pamsewu anazika chikwangwani cholembedwa kuti pano pali nsomba zoonera, osati zodyera. Tukombo yense anagwa nako kuseka. Mtonga wamoyo, wobadwira m'mphepete mwa nyanja, kumadyetsa nsomba m'malo moti nsomba zimudyetse! Dzina loti a Zoonera linachokera pamenepo, ndipo iwo analilandira mpaka kulilemba pa malaya.

Malonda ake anali ovuta, chifukwa munthu ankayenera kuyamba waphunzitsidwa kufuna chinthu chimene sanachifunepo. A Fanuel ankadula okha magalasi, kuwamata ndi guluu, kuikamo mchenga ndi miyala ya kunyanja, kenako n'kukwera nalo galasilo minibasi ataliika pamiyendo. Akafika pa loji, sankatchula mtengo. Ankapempha kuti aliike polandirira alendo kwaulere, nambala yawo ya foni atamata pakona. Ankadziwa kuti mwana wa mlendo akaima pamenepo sachokapo, ndipo kholo limene mwana wake akulira siliwerengera kawiri. Sabata iliyonse ankabwera kudzatsuka galasilo, atavala malaya awo aja, kufotokozera aliyense amene waima dzina la nsomba iliyonse ndi mwala umene inachokera. Mwanjira imeneyi analowa m'maloji a ku Chintheche ndi ku Kande, kenako m'maofesi ndi m'malo odyera a ku Mzuzu.

Mafoni a zithunzi atafika, mwana wawo woyamba, Lusizi, anawaphunzitsa Watsapu. Amene munali ndi nambala yawo mukudziwa masautso ake. M'mawa uliwonse nsomba, Lamulungu nsomba ndi vesi pansi pake. Koma ndi zithunzi zomwezo zimene zinabweretsa ogula a ku Lilongwe, ndipo nsomba za ku Tukombo zinayamba kuyenda pa basi, m'majumbo opopedwa mpweya wogula kwa owotcherera zitsulo. Pofika 2018 mathanki anali asanu ndi limodzi. Sankatolanso kunyanja, ankaswetsa okha. Mayi Edina anasiya ntchito ya kuloji, nayamba kupanga chakudya cha nsombazo ndi kuyankha mafoni. Ana onse anaphunzira ndi nsomba zimene anthu ankati n'zopanda ndiwo.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mu 2020 mliri wa korona unatseka maloji, ndipo magalasi onse anabwerera kunyumba, ena atasweka. Nsomba sizidziwa kuti kunja kuli mliri, zimafuna kudya ndithu. Banja linagona ndi chinangwa chowiritsa, koma pampu ya mpweya sinazime. Mu 2022 magetsi anazima nthawi yaitali iwo ali ku Mzuzu, ndipo pobwerera anapeza mathanki anayi atayera ndi mimba za nsomba. Ndinawaona a Fanuel tsiku limenelo atakhala pansi pamchenga ngati mwana, akulira mokweza. Aliyense anawauza kuti basi, Mulungu wayankha, bwererani ku chilimira. Iwo anagulitsa bwato la bambo awo ndi injini yake, nagula sola, batire lalikulu ndi kabokosi kake kosinthira magetsi. Ena m'banja mpaka lero sanawakhululukire za bwatolo.

Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ya kumchenga. A Fanuel ndi mayi Edina anasamutsa nsomba ndi zidebe pamutu kubwera kumtunda kuno, kumene nthambo za magetsi sizinafike. Mphamvu ndi simenti zinangokwanira mathanki awiri. M'menemo anaikamo mbewu yokhayokha, zazikazi ndi zazimuna zimene anazisankha kwa zaka zambiri. Pamenepo madzi anali atafika m'khosi. Anawonda, miyendo inayamba kutupa, koma m'mawa uliwonse chithunzi cha nsomba chinkafika ndithu pa foni.

Pa 21 Sepitembala chaka chino cha 2025, anagwa pambali pa thanki akutsuka sefa. Tinathamangira nawo ku chipatala cha Chintheche, ndipo anatitumiza ku Mzuzu, kumene madokotala anati ndi sitiroko. Mbali imodzi inafa, lilime linalemera. Mawu onse anatha, kupatula kaphokoso kamodzi. Ankasonkhanitsa milomo n'kumatulutsa kaphokoso ka thovu la m'madzi. Anamwino ankayesa kuti akufuna kumwa. Mayi Edina okha ndiwo anamva kuti akufunsa ngati pampu ikuyenda. Ndiye ankaimbira foni kunyumba, Felix, mwana wawo wachiwiri, n'kuika foniyo pamwamba pa thanki, iwo n'kuigwirizira pa khutu lakumanja la amuna awo. Akamva madzi akuwira, nkhope inkamasuka, n'kugona tulo. Mayiwa anawalonjeza pamaso panga kuti phokoso limenelo silidzaleka. Malemu anatisiya Lachiwiri, pa 14 Okutobala 2025, ali ndi zaka 54.

Tsopano ndifike pa za ife amoyo. Dzulo anthu munabwera ambiri, ndipo tikuthokoza, maliro n'kulirana. Ndiwo zinachepa. Abale athu amene anafika pa boti kuchokera ku Usisya anazungulira kuseri, naona thanki yodzaza nsomba, nati malemu anatikonzera. Anakokamo neti ya udzudzu. Sindikuwatchula mayina, sanachite mwankhanza, anachita zimene aliyense wa kunyanja amachita akaona nsomba ndi anthu anjala. Mayi Edina anali m'nyumba ya siwa, anamva fungo la mafuta, ndipo pamene uthenga unkawafika zonse zinali zitatha. Amene munadya kondowole dzulo masana n'kumadandaula kuti tinsombato n'taminga, munadya theka la chuma cha ana amasiyewa.

Yatsala thanki imodzi. M'menemo muli zazikazi zambiri zimene zasunga mazira m'kamwa, chifukwa umo ndi mmene mbuna imalerera, osadya kanthu mpaka ana atayamba kusambira okha. Zikapulumuka, pofika Khirisimasi mayi Edina adzakhala ndi zogulitsa, ndipo Ivy, chitsirizira, adzabwerera ku sekondale. Zikafa, palibe wina m'banjali amene angamire pansi pa nyanja kukatenga mbewu ina. Ntchito ya zaka pafupifupi makumi awiri idzalowa m'manda limodzi ndi mwini wake lero lomwe.

M'mamawa lero pampu inaleka. Sinawonongeke. Asibweni athu a Dyson, amene akutsogolera mwambo uno, anati munthu wodziwika ngati uyu sangaikidwe monong'ona, pafunika zokuzira mawu kuti a kumsewu amve. Anatuma anyamata kukazula batire ndi kabokosi kake. Anachita mwaulemu, ndipo ndikuwapatsa ulemu wawo. Mayi Edina anatumiza mawu kawiri kupempha kuti libwerere, koma anayankhidwa kuti tsiku la maliro sitisamala ziweto. Amene anafuna kuwalandira beseni anabwezedwa ndi mawu omwewo. Ndiye anadzuka okha pamphasa. Ndapitako ndisanaime pano. Dzuwa la Okutobala mukulimva nokha, madzi afunda, nsomba zayandama zikuyasamula kukamwa pamwamba. Mayiwa sanadye chiyambire Lachiwiri, ndipo akulira mopanda mawu, beseni lili m'manja.

Abale anga, mawu angawa akukufikani kumsewu uko ndi mpweya wa nsomba za malemu. Batire lake ndi ilo lili pansi pa tebulo la abusa. Ndavomera kulankhulirapo mpaka pano kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Ndikatsiriza, mwambo wotsatira ndi woona nkhope, kenako bokosi litsekedwa. Mkazi amene anakhala ndi munthuyu zaka makumi awiri ndi zinayi asankhe pakati pa kuona nkhope ya mwamuna wake komaliza ndi kusunga lonjezo limene anamupatsa? Asibweni, ndagwira mwendo wanu. Mafumu, abusa, ndapota nanu. Ndiponso mawa, pokhala pansi kukambirana za katundu, sola ndi batireli zisalowe m'gulu la zogawana. Si zowonerera mpira, ndi mapapo a nyumba ino.

Malemu asiya mkazi, mayi Edina Nagama. Ana atatu, Lusizi, Felix ndi Ivy. Mdzukulu mmodzi, Tiyanjane. Achemwali awo awiri, mayi Nellie ndi mayi Winnie. Ndi mayi awo owabereka, a Nyamanda, amene akhala apo. Asiyanso thanki imodzi.

M'malo mwa banja, ndithokoze madokotala ndi anamwino a ku Chintheche ndi ku Mzuzu, amayi a Umanyano a mumpingo amene sanatisiye, adzukulu amene akumba manda, eni maloji amene atumiza galimoto, ndi apongozi athu amene ayenda ulendo wautali kuchokera ku Ntcheu. Ndithokozenso inu a ku Usisya, chifukwa munabwera ndi mtima umodzi. Tawonga ukongwa.

Ndikuona asibweni agwedeza mutu movomera. Yewu, ada. Felix, zula nthambo, nyamula batirelo, thamanga. Ukawauze amayi ako atule beseni, abwere, bambo akuwadikira. Inu a kumbuyo sunthirani pafupi, zotsalazi ndinena ndi pakamwa pokha.

A Fanuel, a Zoonera, msuweni wanga, ndasamukira kudzanja lanu lamanja kuti mundimve. Mzimu wanu uuse mumtendere. Abusa, nyimbo iyambe yadikira, tonse tikhale chete pang'ono. Pampuyo ikayamba imamveka mpaka pano, ndipo ndikufuna aimve asanatsekeredwe.