Nsikidzi za M'bedi la ku Chifunga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ambiri mukundidziwa, ndipo mukudziwa kuti sindichedwa kupsa mtima. Musaseke amayi inu kumbuyoko, n'zoona.

Titangoyamba za zipani zambiri, anzathu a ku Mozambiki akubwerera kwawo, mkulu wina amene ankagwira ntchito pakampu ya othawa nkhondo ya ku Chifunga ankagulitsa katundu wake. Ine ndinagula bedi. Bedi la mbawa, lofunika amuna anayi polinyamula. Ndinati munthu wofika Fomu 4 sangamagone pamphasa.

Mwezi usanathe tinayamba kudzikanda. Nsikidzi, abale! Thupi lonse zotupa. Mwana wathu Tiyamike miyendo yonse zilonda chifukwa chokanda. Lamulungu lina ndikuwerenga mawu kutsogolo kuno, nsikidzi inatuluka m'kolala n'kumayenda pashati yoyera. Manyazi ake!

Masiku omwewo apongozi anga aakazi anali atabwera kudzacheza kuchokera ku Ligowe, ali ndi mphasa yawo ndi bulangete lawo. Ine sindinafufuze. Ndinangoti, “Amake Tiyamike, tizilomboti tabwera ndi amayi anu. Kwanu n'kwauve.” Ndinatenga mphasa ija ndi bulangete n'kuziotcha pabwalo, eni ake akuona. Mkamwini kuotcha chofunda cha apongozi! Iwo anangomanga kamtolo kawo. Mkazi wanga anabereka mwana n'kuwatsatira.

Ndinati apite, nsikidzi zipite nawo. Abale, sizinapite. Sizinapite! Ndinachapa. Ndinazira nyumba ndekha, ana a anthu akundisuzumira. Miyezi itatu zikundidya. Ankhoswe anatumiza uthenga kuti ndikapanda kupita kukakamba, ukwati watha. Ndinawayankha kuti wolakwa si ine.

Tsiku lina mwendo wa bedi unayamba kugwedera. Ndinaitana kalipentala wa pamsika, mkulu wachisilamu, tinalitulutsa padzuwa. Atangozula thabwa limodzi anabwerera m'mbuyo.

“Achimwene,” anatero, “bedi ili munaligula ndi eni ake omwe. Izi si za chaka chino, zakhalamo kalekale.”

Ndinasuzumira. Mng'alu uliwonse bii! Mazira, ana, makolo awo. Ndinakhala pansi padothi. Ine mwini ndinazinyamula kuchokera ku Chifunga, n'kutukwana mayi wosalakwa. Pomwepo Mulungu anandionetsa chimene ndili.

Bedi lija tinalithira madzi owira, tinalipaka palafini, linakhala padzuwa masiku anayi. Kenako ndinagula mphasa ndi bulangete latsopano, ulendo wapansi wa ku Ligowe. Ndinagwada pamaso pa ankhoswe, ndinanena zonse. Apongozi anakhala potero atandifulatira, monga mwa mwambo. Kenako anauza ankhoswe, “Afunseni bambowo, kodi bulangeteli aliyang'ana bwinobwino? Ife kuno nsikidzi tilibe.”

Anthu anafa nako kuseka. Ine ndinameza mkwiyo wanga. Abale, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinameza! Pakhomo la nyumba ndinaona mkazi wanga akubisa nkhope m'chitenje, nayenso akuseka, ndipo ndinadziwa kuti ukwati wanga sunathe.

Lero mkazi wangayo ali pano, pabenchi lachitatu apo. Tiyamike zilonda zinapola. Timagona tulo mpaka tambala, Aleluya! Mtima wapachala uja sunatheretu, sindinganame m'nyumba ya Mulungu. Koma ukayamba kutentha, ndimayamba ndafunsa. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza apongozi anga. Muzindipempherera. Ameni.